Madzi Saiwala Khwawa

Damu ndi khoma lomangidwa chopingasa mtsinje kuti madzi amene akanapitirira ulendo wawo aime, adikire ntchito imene munthu wawakonzera: kuzunguza makina a magetsi, kuthirira mbewu m'chilimwe, kapena kumwetsa anthu a mumzinda. Khomalo limakhala la konkire, la miyala, kapena la dothi lotsenderedwa bwino. Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo aliyense womanga damu amayamba mkangano ndi mwambi umenewu, mkangano umene sutha tsiku lodula riboni. Madzi otsekeredwa sagona. Usana ndi usiku amakankha khoma, ndipo mphamvu yake imakula malinga ndi kuya: pa mamita 10 pansi pa madzi, sikweya mita iliyonse ya khoma imasenza matani pafupifupi 10, ndipo pa mamita 100 imasenza matani 100.

Madziwo ali ndi njira zingapo zobwerera kukhwawa kwawo. Akhoza kudutsa pamwamba pa khoma, mvula ikachuluka kuposa imene ngalande yotayira madzi ingathe kutulutsa, ndipo khoma la dothi zikalichitikira zimenezi limakokoloka ngati mzere wa m'munda, m'maola ochepa chabe. Akhoza kuboola m'kati mwa khomalo, kuyamba ndi kanjira kochepa kwambiri, n'kumanyamula dothi pang'onopang'ono mpaka kanjirako katasanduka mphanga. Akhozanso kulowa pansi, m'ming'alu ya thanthwe limene khoma lakhazikikapo, n'kumalikankha kuchokera kunsi. Njira yoyamba amaiona aliyense. Ziwiri zinazo zimagwira ntchito mobisa, kwa zaka zambiri, pamene pamwamba pa dziwe pali bata ndipo asodzi akuponya maukonde awo mopanda nkhawa.

Chifukwa chimene nkhaniyi iyenera kukhala m'manja mwa boma n'chosavuta kumva. Mwini damu akhoza kukhala kampani ya magetsi, bungwe la madzi, mwini esiteti, mgodi kapena komiti ya ulimi wothirira, ndipo phindu la madziwo limapita kwa iye. Koma khoma likagumuka, madzi sapita kukagogoda pakhomo la mwiniwake. Amatsata khwawa, kumene kumakhala anthu amene sanafunsidwe pomanga, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe kuchuluka kwa madzi amene ali kumtunda kwa nyumba zawo. Wodya nkhuyu ndi wina, wopotedwa m'mimba ndi wina. Mlimi wa kumunsi alibe mphamvu yolowa pamalo a eni kukayeza ming'alu, kapena yolamula kuti madzi atsitsidwe. Mwiniwakenso, ngakhale akhale wa mtima wabwino, amakokedwa mbali ziwiri, pakuti kukonza kumadya ndalama osabweza kanthu kooneka, ndipo kutsitsa madzi kumachepetsa magetsi kapena zokolola za chaka chimenecho. Pamafunika wina woima pakati, wokhala ndi lamulo m'manja, amene malipiro ake sadalira kuti dziwe likhale lodzaza.

Zoti choopsa chimabisala kumene maso safika zinaoneka ku Malpasset, kumwera kwa France. Damu la kumeneko linali la konkire, lopindika ngati uta, lokonzedwa ndi André Coyne, mmodzi mwa akatswiri odziwika kwambiri pa ntchitoyi m'nthawi yake. Usiku wa pa 2 Disembala 1959, itagwa mvula yambiri, khomalo linachoka pafupifupi lonse ndipo madzi anatsikira m'tauni ya Fréjus, n'kupha anthu oposa 400. Ofufuza anapeza kuti konkire sanali woipa. Cholakwika chinali m'thanthwe la kugombe la kumanzere, mmene munali mng'alu wobisika umene madzi analowamo n'kukankha chigawo chonse cha thanthwe kuchichotsa m'malo mwake. Kuchokera nthawi imeneyo mainjiniya anayamba kusamala za thanthwe monga momwe amasamalira khoma lenilenilo: kuliboola kuti aone zam'kati, kuthira simenti yamadzimadzi m'ming'alu, ndi kusiya timabowo totulutsira madzi olowa pansi kuti mphamvu yake isaunjikane.

Chaka chomwecho cha 1959 ndi chimene damu lina la Coyne linamalizidwa pa mtsinje wa Zambezi, pa mpata wa Kariba, m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Khoma lake ndi lotalika mamita 128, ndipo nyanja imene linapanga ndi yaitali makilomita oposa 200, yosunga madzi ambiri kuposa nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi anthu. Kuti nyanjayo ikhalepo, anthu a mtundu wa Chitonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha makolo awo, ndipo antchito oposa 80 anafa pomanga. Zambezi anaonetsa ukali wake ntchito ili m'kati. Madzi osefukira a mu 1957 ndi a mu 1958 anaononga zomangidwa zambiri, ndipo a mu 1958 anaposa zimene akatswiri ankayembekezera, moti zitseko zotayira madzi zinaonjezedwa kuchoka pa zinayi kufika pa zisanu ndi chimodzi. Atonga ankati Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wakwiya. Mainjiniya ankati mawerengero awo anachepa. Onse ankanena za mtsinje umene sunavomere kutsekedwa.

Zitseko zisanu ndi chimodzizo zili pamwamba, pakati pa khoma. Zikatsegulidwa, madzi amatumphuka n'kukagwa patali pang'ono kunsi kwa damu, pathanthwe la pansi pa mtsinje. Omanga ankadziwa kuti madziwo adzakumba dzenje, ndipo ankayembekezera kuti dzenjelo likadzakula pang'ono, madzi odzazamo adzakhala ngati chotchinga, kukumbako n'kuleka. Sizinatero msanga. M'zaka za mvula yambiri, kuyambira m'ma 1960 kufika mu 1981, madzi anakumba thanthwe mpaka dzenje linafika kuya kwa mamita pafupifupi 80. Kuya kokha sikunali vuto lalikulu. Choopsa chinali chakuti madzi akagwa m'dzenje lopapatiza amazungulira n'kubwerera m'mbuyo, kumadya thanthwe cha kumene kuli maziko a khoma, motsata mzere wa thanthwe lofooka. Khoma lopindika limaima chifukwa chotsamira thanthwe la pansi ndi la m'mbali. Thanthwelo likadyedwa, khoma silingaime pa lokha, kaya konkire wake akhale wolimba chotani.

Vuto lachiwiri linali m'konkire mwenimwenimo. Miyala ina ikasakanizidwa ndi simenti, n'kukhala m'chinyezi kwa zaka zambiri, imachititsa konkire kutupa pang'onopang'ono. Kutupako n'kochepa, munthu sangakuone ndi maso, koma ku Kariba kunapotoza njira zimene zitsulo zotsekera madzi zimatsetserekamo pamene amisiri akufuna kukonza chitseko. Ndiye kuti tsiku lina chitseko chikanakanirira chili chotsegula, pakanasowa njira yodalirika yoletsera madzi, ndipo chikanakanirira chili chotseka m'chaka cha chigumula, nyanja ikanakwera kuposa malire ake.

Damuli limayang'aniridwa ndi Zambezi River Authority, bungwe limene maboma a Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa mu 1987. Zimene bungweli linachita bwino n'zosatchuka pawailesi: kuyeza. Chaka ndi chaka akatswiri ankayeza kuya ndi maonekedwe a dzenje, kusuntha kwa khoma m'chisanu ndi m'chilimwe, ndi madzi ochucha m'njira za m'kati mwa khomalo, n'kumalemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo popanda mabuku a zaka makumi angapo amenewa sipakanakhala umboni wokhutiritsa aliyense kuti atulutse ndalama. Podikira ndalamazo, bungweli linachepetsa chiwerengero cha zitseko zimene zingatsegulidwe nthawi imodzi. Malipoti amene anafalitsidwa mu 2014 ankati anthu pafupifupi 3.5 miliyoni akanakhala pangozi damuli likanagumuka, pakuti madziwo akanatsikira pa damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, lomalizidwa mu 1974, n'kupitirira mpaka kumene Shire amakumana ndi Zambezi.

Ntchito yokonza inayerekezedwa kuti idya madola 294 miliyoni a ku America, ochokera ku European Union, World Bank, African Development Bank, boma la Sweden ndi Zambezi River Authority yomwe. Ya kudzenje inayamba mu 2017. Amisiri anamanga khoma losakhalitsa kunsi kwa dzenjelo kuti mtsinje usabwerere m'mbuyo, anapopa madzi pang'onopang'ono, kenaka anayamba kuswa thanthwe ndi mabomba oyezedwa mosamala, popeza ankaphulitsa pafupi ndi phazi la khoma losunga nyanja yonse. Anachotsa miyala yokwana makiyubiki mita pafupifupi 300,000. Nzeru yake inali yotere: m'malo mokwirira dzenje, analikulitsa cha kumunsi n'kulisema ngati masitepe, kuti madzi akagwa apeze njira yopita kutsogolo, asiye kubwerera kumaziko. Thanthwe lofooka lija analiphimba ndi konkire. Ntchitoyi inatha mu 2024, pamene ya kuzitseko, yomanganso njira za zitsulo ndi kuika chitseko chatsopano cha pangozi, inkapitirira chitseko chimodzichimodzi. Amisiriwo sanayese kuuza madzi kuti aiwale khwawa. Anawasemera khwawa loti akalitsata asavulaze khoma.

Komabe nkhani ya Kariba si yongoombera m'manja. Pakati pa 1981, pamene kukula kwa dzenje kunali kodziwika kale, ndi 2017, pamene makina anayamba kukumba, panadutsa zaka 36. M'zaka zonsezo magetsi a ku Kariba ankagulitsidwa m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba, koma thumba lokwanira kukonza damu silinasonkhanitsidwe, mpaka panafunika ngongole ndi thandizo la kunja. Mtengo wa magetsi umene suwerengera kukalamba kwa khoma ndi mtengo wabodza, ndipo chotsala chimadzalipidwa ndi m'badwo wina. Chimene chinapulumutsa Kariba m'zaka zodikirazo, mbali ina, chinali chilala, chifukwa kwa zaka zambiri sipanafunike kutsegula zitseko zonse. Boma siliyenera kudalira chilala kuti chilisungire anthu ake.

Ku Derna, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Libya, mwayi woterewu sunapezeke. Mzindawu unamangidwa pamathero a khwawa limene limakhala louma miyezi yambiri ya chaka, ndipo kumtunda kwake kunali madamu awiri omangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi kampani ya ku Yugoslavia. Ming'alu inanenedwa kuyambira mu 1998. Mu 2007 kampani ya ku Turkey inapatsidwa kontilakiti yokonza, koma ntchitoyo sinachitike monga inayenera, ndipo nkhondo ya mu 2011 itagwetsa boma la Muammar Gaddafi, dziko linagawika pakati pa maulamuliro awiri olimbana. Mu 2022 katswiri wa za madzi wa pa Omar Al-Mukhtar University, Abdelwanees Ashoor, analemba poyera kuti madamuwo akapanda kukonzedwa, chigumula chachikulu chidzaononga mzinda. Usiku wa pa 10 kuchera pa 11 Sepitembala 2023, namondwe Daniel anagwetsa mvula yoopsa, damu la kumtunda linagumuka, madzi ake anakagumula la kumunsi, ndipo chigawo chapakati cha mzinda chinakokoledwa kupita m'nyanja pamodzi ndi anthu ali m'tulo. Mitembo yoposa 4,000 inawerengedwa, ndipo anthu ena zikwizikwi sanapezeke. Mu Julayi 2024 bwalo la milandu linalamula akuluakulu 12 kukakhala kundende. Mawu a akulu akoma akagonera, koma apa anagonera pamodzi ndi anthu amene akanapulumuka nawo. Chidziwitso sichinasowe ku Derna. Chinasowa ndi ofesi imodzi yokhala ndi udindo, ndalama ndi mphamvu yolamula kuti mawu a akatswiri asanduke ntchito.

Malamulo a chitetezo cha madamu pafupifupi kulikonse analembedwa maliro atachitika. Ku Britain, madamu awiri atagumuka pamwamba pa mudzi wa Dolgarrog ku Wales mu Novembala 1925 n'kupha anthu 16, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo mu 1930, ndipo linalowedwa m'malo ndi lina lamphamvu mu 1975. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti damu lalikulu lililonse lilembedwe m'kaundula, likhale ndi injiniya woliyang'anira nthawi zonse, ndipo pasadutse zaka 10 lisanayenderedwe ndi injiniya wina wapadera, wovomerezedwa ndi boma, amene si wantchito wa mwini damu. Zimene woyenderayo walamula pa za chitetezo, mwiniwake amakakamizidwa kuzichita. Ku South Africa, lamulo la madzi la mu 1998 limati damu lililonse la khoma loposa mamita 5 ndi losunga madzi oposa makiyubiki mita 50,000 lilembetsedwe ndi kuikidwa m'gulu malinga ndi kukula kwake ndi kuchuluka kwa anthu amene angavulale likagumuka. Kugawa kotereku n'kwanzeru, pakuti mainjiniya ndi ochepa paliponse, ndipo damu laling'ono lokhala pamwamba pa sukulu liyenera kuonedwa msanga kuposa lalikulu lokhala pamwamba pa tchire.

Lamulo labwino nalonso lili ndi malire. Pa 1 Ogasiti 2019, konkire wa ngalande yotayira madzi pa damu la Toddbrook ku England anasweka mvula itachuluka, ndipo anthu pafupifupi 1,500 a m'tauni ya Whaley Bridge anasamutsidwa mwadzidzidzi, ndege ya asilikali ikutsitsa matumba a miyala pamalo ogumukawo, mapampu akutsitsa madzi usana ndi usiku. Damulo linali litayenderedwa mu Novembala 2018 monga lamulo linafunira. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti ngalandeyo inakonzedwa molakwika kuyambira pachiyambi ndipo sinkasamalidwa mokwanira. Mapepala onse akhoza kukhala m'malo mwake, khoma lili kudwala. Chosiyana ndi Derna n'chakuti kunali anthu amene anaona, anakhulupiriridwa, ndipo anachitapo kanthu tsiku lomwelo, moti palibe anafa.

Madamu otchuka ali ndi owayang'anira, ngakhale ochepa. Amene amagona opanda mlonda ndi ang'onoang'ono a dothi: a m'maesiteti, a m'masikimu a ulimi wothirira, ndi aja omangidwa ndi pulojekiti imene inatha kalekale n'kusiya chikwangwani chochita dzimbiri, osasiya dzina la woyenera kukonza. Pa 9 Meyi 2018 damu la pafamu ina ku Solai, m'chigawo cha Nakuru ku Kenya, linagumuka usiku n'kupha anthu oposa 40, kuphatikizapo ana ambiri, ndipo akuluakulu oona za madzi anati linalibe chilolezo choyenera. Boma silingayendere damu limene silidziwa kuti lilipo, choncho ntchito yoyamba ndi kaundula. Madamu osungira zinyalala za m'migodi ali m'gulu lomweli la oiwalika, ngakhale eni ake ndi makampani olemera. Pa 18 Febuluwale 2025 la kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linagumuka n'kuthira madzi a asidi m'mitsinje yolowa mu Kafue, nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo madzi a m'mipopi mumzinda wa Kitwe anatsekedwa kwa kanthawi.

Zizindikiro za damu la dothi lodwala sizifuna digiri kuti munthu azione, zimangofuna woyenda pakhomapo kawirikawiri. Pafupifupi damu lililonse la dothi limachucha pang'ono kunsi kwake, ndipo madziwo akamatuluka oyera, mosasintha, si chachilendo. Akayamba kutuluka amatope, kapena akamachuluka pamene dziwe silinakwere, ndiye kuti akunyamula dothi la m'kati mwa khoma, ndipo nthawi yatha. Mitengo yomera pakhoma imaoneka ngati ikulilimbitsa, koma ikauma mizu yake imaola n'kusiya njira za madzi. Chiswe ndi nyama zokumba mauna zimachita chimodzimodzi. Njira ya ng'ombe yodutsa pamwamba imasanduka chigwembe chimene madzi adzayambire kusefukira. Ngozi ina imabwera ndi cholinga chabwino: alimi akaona kuti dziwe ladzaza matope ndipo madzi sakufika mu Okutobala, amaunjika matumba a mchenga pangalande yotayira madzi kuti asunge ochulukirapo, osadziwa kuti atseka khomo lokhalo limene chigumula chikanatulukira. Mlangizi wa boma amene amafika kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itatha, n'kuphunzitsa komiti ya pamalopo zinthu zimenezi, amateteza miyoyo pamtengo wochepa kwambiri.

Mvula nayonso yasintha kuchoka pa imene omanga akale ankawerengera. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Shire mpaka madzi anagumula mbali ya damu la Kapichira ku Chikwawa, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anazima nthawi imodzi. Panadutsa chaka ndi miyezi ingapo makina onse asanayambenso kuzungulira mu 2023, ndipo m'nthawi yonseyo zigayo, zipatala ndi mabizinesi ang'onoang'ono ankagawana magetsi operewera. Ngalande imene inali yokwanira malinga ndi mabuku a mvula a zaka 50 zapitazo iyenera kuwerengedwanso, makamaka kumene mapiri a kumtunda anametedwa mitengo, pakuti madzi tsopano amatsika msanga, onse pamodzi, atanyamula mchenga ndi zitsa.

Woyendera akapeza kuti damu ndi loopsa, njira yotsika mtengo ndi yofulumira kuposa zonse ndi kutsitsa madzi mpaka khoma litakonzedwa. Ndiyonso yovuta kulamula, chifukwa imafika pakati pa nyengo ya mbewu kapena pamene mzinda ukulira magetsi, ndipo phungu wa deralo amayamba kuimba foni. N'chifukwa chake lamulo liyenera kuika mphamvu imeneyi mwa injiniya wotetezedwa ku mkwiyo wa andale, ndi kulola boma kukonza lokha n'kutumiza bilu kwa mwiniwake akakana. Damu limene mwini wake sakupezeka ndipo silingakonzeke liyenera kugumulidwa mwadala m'chilimwe, madzi ali ochepa. Pa onse otsala pamafunika mapu oonetsa kumene madzi angafike khoma litachoka, mayina a midzi ya m'njiramo, malo okwera othawirako, ndi dzina la munthu woyenera kudzutsa mfumu pakati pa usiku. Zambezi River Authority imalengeza pasadakhale ikafuna kutsegula zitseko za Kariba, koma chilengezocho chimagwira ntchito pokhapokha chikafika kwa msodzi wa ku Luangwa ndi mlimi wa m'dimba ku Zumbo, m'chinenero chimene amamva, nthawi yokolola ndi kusamutsa katundu ikadalipo.